Makobidi awiri a 1803, lidayamba kudindidwa ndi liti?

Nabanda_PA: Muli bwanji nonse. Ndili ndi kafunso, musandiseke. Loweruka ndinapita kumsika wa zakale kuno ku Pennsylvania, kuja anthu amayala zinthu za agogo awo, ndiye ndinagula kabokosi ka makobidi akale a kopa, aja akuluakulu a ku America amati large cent. Mkati muli atatu a chaka cha 1803. Awiri ndawafananiza ndi zithunzi usiku wonse mpaka maso kuwawa, ndi a mtundu umodzi ndithu, nambala ya Sheldon, ija ya m'buku lolemba mitundu ya makobidiwa, ndi imodzi, malembo ndi masamba zakhala malo amodzimodzi. Koma sakufanana. Loyamba lili ndi timizere ngati mthunzi wa masamba kutsogolo kwa nkhope ya mayi wojambulidwa pa khobidipo, lachiwiri mthunziwo palibe, pali see, koma lili ndi kamzere kochokera m'mphepete kulowa pa chilembo chimodzi. Ndiye lidayamba kutuluka m'makina ndi liti?

Mavuto265: Achemwali mwapita ku America kukatola makobidi ofufutika? kkkk ife kuno tikudikira madola inu muli pa 1 tambala ya azungu

Nabanda_PA: Iwe Mavuto khala chete, 1 tambala imeneyi ili ndi zaka zoposa 220, agogo a agogo ako asanabadwe

Kondwani_Jozi: Zophweka izi. Loyera, lopanda mithunzi, ndiye loyamba. Chidindo chikakhala chatsopano chimatulutsa zoyera, chikamakalamba ndi pamene zinyalala zimayamba kuoneka. Lachiwirilo ndiye wamkulu basi

aPhiri_Makobidi: Kondwani mwana wanga usathamange. Yankho lakolo ndi limene limagwetsa anthu ambiri pa nkhani iyi. Nabanda, tisanapite patali, tengani tochi ya foni, zimitsani getsi la m'chipinda, khobidi lachiwirilo muligoneke patebulo ndipo kuwala kubwere chammbali, pafupi ndi tebulo penipeni osati kuchokera pamwamba. Mundiuze, kamzere kaja katukuka kapena kalowa pansi?

Nabanda_PA: Dikirani bambo... katukuka. Kali ngati kamtsempha ka padzanja, ndipo sikowongoka, kakupita mokhotakhota ngati mng'alu wa pakhoma. Kakweranso pamwamba pa chilembo nkutsikira mbali inayo

aPhiri_Makobidi: Eyaa. Umenewo ndi mng'alu wa chidindo. Taganizani chikombole cha njerwa, thabwa likang'aluka dothi limalowa mumng'alumo ndiye njerwa iliyonse imatuluka ndi kamzere kotukuka pamalo omwewo. N'chimodzimodzi apa. Chidindo ndi chitsulo, zonse zili chotembenuza, cholowa pa chidindo chimatukuka pa khobidi. Chitsulo chikang'aluka kopa amakanikizidwira mumng'alu. Ndiye mfundo yake ndi iyi, mng'alu supola. Ukayamba umangokula, lero wafika pa chilembo, mawa wadutsa chilembo, mkuja wakumana ndi unzake ndipo chidutswa chagwa. Khobidi lokhala ndi mng'alu silingatsogole khobidi lopanda mng'alu ngati chidindo ndi chomwecho

Kondwani_Jozi: Chabwino madala koma nanga mithunzi ya masamba ija? Nayonso ndi kuwonongeka. Inapola bwanji poti mwati sizipola

aPhiri_Makobidi: Ndati mng'alu supola, sindinati zonse. Mithunzi ija ndi nkhani ina. Nthawi imeneyo ku Mint ya ku Philadelphia, fakitale ya boma yodinda makobidi, makina anali a sikuluwu yaikulu, amuna amakoka chitsulo chachitali ndi manja, sikuluwu nkutsika kumenya. Makina a nthunzi adabwera mu 1836, ndiye 1803 zonse zinali za thukuta. Nthawi zina kachitsulo ka kopa kosadinda, kaja amati planchet, sikanalowe pakati, anthu akoka kale, zidindo ziwiri nkuwombana zokhazokha. Cha kumsana chimasiya masamba ake pa cha kumaso, cha kumaso chimasiya tsitsi kapena chibwano pa cha kumsana. Akuti clash marks. Koma izi zimakhala zosazama, zili pamwamba penipeni pa chidindo, ndiye mmisiri amachotsa chidindo nkuchipala pang'ono mpaka mithunzi itatha, nkuchibwezera. Mukaona khobidi loyera musafulumire kuti ndi la chidindo chatsopano, mwina ndi nkhalamba yometa ndevu

Mavuto265: Nkhalamba yometa ndevu kkkkk aPhiri mukunena ndani pagulu pano

Mai_a_Tadala: Ine ndikungowerenga koma ndafunsa. Mungadziwe bwanji kuti chidindo chinapalidwa, poti munthu sanalipo? Si kungoganiza chabe uku?

aPhiri_Makobidi: Funso labwino mayi. Ine ndagwira ntchito ya zitsulo zaka zambiri, kupala kulikonse kumadya chitsulo, sungapale chinthu osachichepetsa. Pa chidindo malo aja osalala a khobidi ndiye pamwamba, zithunzi ndi zokumba. Mukapala pamwamba, zokumba zosazama zimayamba kutha. Timapesi ta zipatso za pa nkhata ya masamba timazimiririka zipatso nkutsala zikuyandama zokha, nsonga za tsitsi kumbuyo kwa khosi zimaduka nkuoneka ngati tizilumba, riboni imaonda, malembo amaonda. Nabanda yang'anani tsitsi la m'munsi kumanzere pafupi ndi 1 wa chaka, mufananize onse awiri

Nabanda_PA: Mayo ine. Pa loyamba kapiringizo ka tsitsi kali kathunthu kolumikizana. Pa lachiwiri kaduka pakati, pali mpata, ndipo riboni yaonda zoonadi. Komatu lachiwirili ndi limene silinathe kwambiri, loyambalo ndi lofufutika kuposa

aPhiri_Makobidi: Ndiye mwayankha nokha. Lofufutika lili ndi tsitsi lonse, losafufutika tsitsi laduka, kutanthauza kuti tsitsilo silinathere m'matumba a anthu, linathera pa chidindo. Ndondomeko yake ndi iyi, chidindo chinawombana, makobidi ngati loyamba lanulo anatuluka, kenako anachipala, kenako kapena nthawi yomweyo mng'alu unayamba, lachiwiri nkutuluka. Loyamba ndi wamkulu

Kondwani_Jozi: Hmm sindinagonje. Bwanji ngati zinayenda chonchi, mng'alu unalipo kale pa onse awiri koma pa loyambalo unafufutika chifukwa layenda kwambiri m'manja? Mwanena nokha kuti ndi wotukuka, chotukuka ndiye chimayamba kutha

aPhiri_Makobidi: Apo ndiye wayankhula ngati munthu. Zimachitika zimenezo, ndipo anthu ambiri amagulitsa khobidi lotha nkumati ndi early state, la chidindo chikadali chatsopano, pomwe mng'alu unangodyeka. Koma pa nkhani ya Nabanda kamzereko kali pakati pa mphepete ndi chilembo, malo obisika, mphepete ndi malembo ndi zimene zimalandira nkhonya, kamzere ka pakati kamakhalitsa. Ndiponso mithunzi ya masamba ndi yosalimba kuposa mng'alu, ili pabwalo poyera kutsogolo kwa nkhope, ngati iyo yapulumuka mng'alu ukanapulumukanso. Ndipo ngakhale titasiya mng'alu pambali, tsitsi lija likutiuza kale. Tsitsi lopalidwa silimera

Chikondi_Brum: Ndafika mochedwa ndinali pa shifiti ya usiku. Nkhani iyi yandikhudza chifukwa kopa wa makobidi amenewa wambiri anachokera kuno ku Birmingham. Matthew Boulton wa ku Soho amatumiza ma planchet okonzakonza m'migolo kupita ku Philadelphia kuyambira 1797, nyumba yake Soho House ikadalipo ku Handsworth, ndi myuziyamu tsopano ndimadutsa pomwepo pa basi. Nkhondo ya 1812 itavuta pakati pa Britain ndi America katundu anasiya kuyenda, n'chifukwa chake palibe large cent ya chaka cha 1815. Munthu akakuonetsani ya 1815 ingodziwani kuti wina wakhala pansi ndi kachitsulo nkusintha nambala

Mavuto265: Ndiye kuti azungu a ku America amaitanitsa ndalama zawo kwa adani awo? Koma dziko ili

Chikondi_Brum: Amaitanitsa kopa yekha aise, kudinda amadinda okha. Koma ndimafuna ndifunse aPhiri za dzimbiri. Ma planchet ena amafika atanyowa ndi madzi a m'nyanja, akuda, ndiye munthu ungasiyanitse bwanji dzimbiri la khobidi ndi dzimbiri la chidindo?

aPhiri_Makobidi: Lamulo ndi lomwe lija la chikombole. Chidindo chikachita dzimbiri chimakhala ndi timaenje, pa khobidi timatuluka ngati tiziphuphu totukuka, ndipo tiziphuphuto mutipeza malo omwewo pa khobidi lililonse la nthawi imeneyo. Khobidi likadyeka lokha, mwina linakhala m'nthaka, limakhala ndi timaenje take take, lina silingafanane nalo. Ndiye khobidi limodzi silikwana kuweruza mlandu, pamafunika mboni ziwiri zitatu. Ndipo zidindo zimachitadi dzimbiri, Philadelphia ndi yachinyezi komanso kunali matenda a yellow fever, mu 1793 anapha anthu pafupifupi 5,000 mumzindamo kuphatikizapo Joseph Wright amene amajambula zidindo, ndipo mu 1797 ndi 1798 Mint inatsekedwa kwa kanthawi anthu atathawa. Chidindo chokhala pashelefu miyezi osapakidwa mafuta bwino chimabwerera pantchito chili ndi nthomba

Mai_a_Tadala: Komabe ine chikundidabwitsa n'chakuti anthu akuluakulu amataya nthawi kuwerenga ming'alu. Phindu lake n'chiyani, khobidi si khobidi?

Chikondi_Brum: Mayi pali ndalama pamenepo, ena amasonkhanitsa mtundu umodzi wokha koma pa msinkhu uliwonse wa chidindo, kuyambira chili namwali mpaka tsiku lomwe chinasweka. Ku America kuli bungwe lake, Early American Coppers, linayamba mu 1967, anthu amakangana za kamzere kamodzi zaka ndi zaka

aPhiri_Makobidi: Ndalama ilipo koma kwa ine chokoma ndi china. Mint sinalembe kuti lero tagwiritsa ntchito chidindo chakuti, amangolemba kuchuluka kwa makobidi omwe apereka. Ndipo chaka cholembedwa pa khobidi sichinena zoona nthawi zonse, chitsulo chabwino chinali chodula ndiye chidindo cha chaka chatha chikakhala chamoyo amapitiriza nacho. Makobidi ambiri odindidwa mu 1804 analembedwa 1803, mwina anu a Nabanda ali m'gulu lomwelo. Ndiye ming'alu ndi kalendala yokhayo imene tili nayo. Khobidi limafuna zidindo ziwiri, cha kumaso ndi cha kumsana, azungu amati ndi ukwati. Chimodzi chikafa chinzake chimakwatiwanso. Mukapeza chidindo cha kumsana chomwecho pa mitundu iwiri, pa mtundu wina chilibe mng'alu pa winawo chili nawo, mwadziwa ukwati woyamba. Mukatsatira chonchi, uyu anakwatira uyu, uyu atafa anatenga uyo, mumalumikiza unyolo wa chaka chonse. Nthawi zina mumapeza kuti anasiyana nkubwererananso

Mavuto265: Ngakhale zidindo zimabwererana ndi ma ex? Ndiye ine mundisiye

Nabanda_PA: kkkkk Mavuto. Bambo Phiri tipatseni chitsanzo chenicheni choti munthu akhoza kukaona zithunzi

aPhiri_Makobidi: Chophweka kwambiri ndi cent ya 1804. Yeniyeni ili ndi ukwati umodzi wokha, nambala ya Sheldon S-266, koma misinkhu itatu yodziwika. Woyamba, a, mphepete zonse zili bwino. Wachiwiri, b, chidutswa cha chidindo cha kumaso chagwa pamwamba pa RTY wa LIBERTY, ndiye pali chibuluma cha kopa chosadindika, chimene amati cud. Wachitatu, c, chibuluma cha pa RTY chikadalipo ndipo china chabwera kumsana pamwamba pa MERIC wa AMERICA. Simudzapeza la MERIC lopanda RTY, chifukwa cha kumaso chidayamba kusweka. Mwana wa sitandade 3 akhoza kuwayala atatuwa pamzere osalakwitsa

Kondwani_Jozi: Ndaona pa intaneti 1804 ina yodzaza ming'alu ndi tiziphuphu thupi lonse, imeneyo ndiye state d?

aPhiri_Makobidi: Ayi ayi, imeneyo ndi ija amati restrike, si ya Mint. Cha m'ma 1860 wina anapeza zidindo zotayidwa, anatenga cha kumaso cha 1803 chadzimbiri chong'aluka nkusintha 3 kukhala 4, kumsana nkuikako cha 1820 chomwe masamba ake ndi a mtundu wina. Ukwati wa gogo ndi mdzukulu. Pa 1804 yeniyeni mukatembenuza khobidi, 0 wa chaka amayang'anizana ndi O wa OF kumsana, ndi mayeso akalekale amenewo

Chikondi_Brum: Ine imene imandisangalatsa ndi half cent, khobidi la theka la cent, ya 1804 ija ya Spiked Chin. China chake cholimba chinagwera pakati pa makina, ambiri amati kanali kasikuluwu, nkuvulaza chidindo cha kumaso, ndiye mayi uja ali ndi kamnga kotuluka pachibwano, kena pamilomo ngati lilime, ndi timizere kutsogolo kwa khosi ngati chidindo cha chala. Iwo sanachitaye, anapitiriza nacho ndi zidindo zinayi za kumsana, manambala a mitundu yake ndi C-5 mpaka C-8. Ndipo pa C-6 cha kumsana chimasweka pang'onopang'ono m'mphepete, chibuluma pa chibuluma, ukayala zithunzi zake motsatana zili ngati ukuonera khonde la nyumba likugumuka ndi mvula

aPhiri_Makobidi: Pamenepo palinso phunziro. Ngozi ngati imeneyo ndi ya tsiku limodzi, kumenya kumodzi, ndiye imadula mbiri ya chidindo pakati, isanachitike ndi itachitika. Mng'alu ndi wosiyana, umakula pang'onopang'ono, ndiye wolemba buku wina amaugawa misinkhu itatu wina isanu ndi iwiri, onse sakunama, akungodula nsima mosiyana. N'chifukwa chake ndimati mukamalemba za khobidi lanu musangoti state III, nenani kuti malinga ndi ndani, kapena bwino fotokozani zimene mukuona, mng'alu wachokera apa wafika apa

Mai_a_Tadala: Maina awo ndiye ondiseketsa. Pali enanso?

Chikondi_Brum: Ambiri mayi. Ya 1807 ina amati Comet, S-271, chifukwa kuseri kwa mutu kunatuluka chilema chonga nyenyezi ya mchira, ndipo chaka chomwecho kumwamba kunaonekadi nyenyezi yotero. Ena a 1817 ali ndi mbewa, kachibuluma pamwamba pa mutu. Ya 1855 ina ili ndi chotupa pakhutu, Knob on Ear, chimayamba ngati kachiphuphu nkumakula mpaka kuphimba khutu

Mavuto265: Mbewa pamutu? Akanabwera nayo ku Dedza tikanaiika pa mpani

Kondwani_Jozi: Koma madala ndili ndi lina. Ngati ndapeza kuti makobidi ambiri a mtundu wina ali ndi mng'alu, ndiye kuti chidindo chinasweka msanga nkugwira ntchito nthawi yaitali chili chosweka, eti?

aPhiri_Makobidi: Kawirikawiri inde koma samala ndi nkhokwe. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha kunapezeka mgolo wa ma cent atsopano osayendapo, a 1816 mpaka 1820, amati unali pa siteshoni ya sitima ku Georgia, unakathera kwa John Swan Randall wa ku Norwich, New York, n'chifukwa chake amati Randall Hoard. Ambiri ndi a mitundu iwiri, 1818 N-10 ndi 1820 N-13, ndipo ali ndi mng'alu wozungulira wolumikiza nyenyezi ngati mkanda. Amenewo anadindidwa nthawi yoyandikana nkulowa mumgolo limodzi. Ndiye ukawerenga omwe alipo lero uganiza kuti chidindo chinakhala chonchi moyo wake wonse, pomwe wangoona masiku ochepa ochulukitsidwa. Kuchuluka kumakuuza zimene zinapulumuka. Ndondomeko umaipeza pa ming'alu yokha

Nabanda_PA: Ndiye ndibwere ndi lachitatu lija, ndinalisunga dala. Ndi mtundu womwewo ndikuganiza, ndipo lili ndi mzere wautali kuchokera pachipumi kudutsa bwalo lonse mpaka m'mphepete. Wogulitsa anati ndi terminal state, chidindo chili pafupi kufa, ndipo anandiwonjezera mtengo chifukwa cha limeneli

aPhiri_Makobidi: Tochi chammbali monga kale. Ndipo muone ngati kamng'alu ka pa lachiwiri kaja kaliponso pa ili

Nabanda_PA: Kamng'alu kaja palibe. Tsitsi lili lathunthu ngati loyamba. Mzere wautaliwo ukuoneka wotukuka pang'ono koma... dikirani ndiike galasi. Aaa. Pakati pake ndi polowa, m'mbali mwake ndi momwe mwatukuka, ngati mzere wa khasu. Ndipo ndi wowongoka ngati wa rula

aPhiri_Makobidi: Pepani mwana wanga. Umenewo ndi mpeni kapena msomali, wina anakanda kalekale, kopa anakankhidwira m'mbali nkuda pamodzi ndi khobidi lonse n'chifukwa chake sukuwala. Ndipo taonani, likanakhala la kumapeto likanakhala ndi zonse za m'mbuyo, tsitsi loduka, riboni yoonda, kamng'alu kaja katakula. Chidindo sichingadumphe matenda akale nkudwala atsopano okha

Kondwani_Jozi: Apo ndagonja madala. Koma mithunzi ya masamba ilipo pa lachitatulo? Chifukwa ngati palibe, tsitsi lili lonse, mng'alu palibe, ndiye kuti limeneli ndi loyamba pa onse atatu, zidindo zisanawombane nkomwe

aPhiri_Makobidi: Tamuonani Kondwani, ola limodzi lapitalo amati loyera ndi loyamba popanda chifukwa, tsopano akunena zomwezo ndi chifukwa. Nabanda tayang'anani

Nabanda_PA: Pamalo pomwe payenera kukhala masamba ndi pomwe mpeni unadutsa, ndipo pali tinthu tobiriwira tomata. Ndilitsuke ndi mandimu kapena mankhwala otsukira mapoto ndione bwino?

Chikondi_Brum: AYI achemwali chonde!! Kopa wakale satsuka, mukangotero lisanduka lapinki ngati nyama yaiwisi ndipo mtengo wake watha pomwepo

aPhiri_Makobidi: Musalikhudze ndi kanthu. Yang'anani kumsana m'malo mwake, zidindo zikawombana zimavulazana zonse ziwiri, ndiye mkati mwa nkhata ya masamba pafupi ndi ONE CENT pa loyamba lija payenera kuoneka kamzere ka mutu kapena khosi. Mukakapeza pa loyamba kakafuneni pa lachitatu malo omwewo. Mujambule onse atatu kuwala kuchokera mbali imodzi, foni muiike pa kapu kuti isagwedere

Nabanda_PA: Pa loyamba ndakaona, kokhota, kudutsa pansi pa chilembo cha N. Pa lachitatu batire ya foni yatsala 4 peresenti ndipo ndikulowa ntchito 6 koloko m'mawa, zithunzi mawa madzulo

Mavuto265: Ndiye wogulitsa uja mukam'bwezera la mpenilo kapena mutitumizira kuno tigulire mandasi

Nabanda_PA: Msika umakhala Loweruka lokha Mavuto, ndipo tebulo lake ndalisunga m'mutu, lili pafupi ndi mayi wogulitsa mabotolo akale